Batire la Eunos Roadster ya 1992: ndiike NS60 kapena ndifunefune lomata lenileni?

Roadster92, Zomba

Moni nonse akuluakulu. Ndikupempha nzeru kwa amene anagwirapo magalimoto ang'onoang'ono aliwiro a ku Japan, makamaka aja amene batire lake silikhala ku injini koma kumbuyo m'buti. Ndili ndi Eunos Roadster ya 1992, ya injini ya 1.6, imene m'mayiko ena imadziwika ndi dzina lakuti Mazda MX-5 kapena Miata. Ndinaigula kwa munthu amene anaiitanitsa kuchokera ku Japan zaka zingapo zapitazo, ndipo si galimoto yoyendera tsiku ndi tsiku. Imatuluka Loweruka kapena Lamlungu, nthawi zina kukwera phiri mpaka ku Ku Chawe, nthawi zina kupita ku Blantyre ndi kubwerera, kenaka imakhala m'galaja masabata awiri kapena atatu osalizidwa.

Vuto linayamba cha mu June, pamene ndinazindikira kuti m'mawa sitata ikuzungulira mwaulesi. Ndinkangoti ndi kuzizira kwa kuno ku Zomba, koma sabata yatha nditapotoza kiyi ndinangomva kuti tha, magetsi a padeshibodi n'kuzimirira, moti anyamata awiri oyandikana nawo nyumba ndi amene anandikankha kuti ilire. Nditachotsa chophimba cha kudzanja lamanja m'buti ndinapeza batire lalifupi lolembedwa kuti Panasonic S46A24L(S), lopanda zotsekera zothirira madzi, ndipo m'mbali mwake muli timapaipi tiwiri ta mphira timene tikukumana n'kutulukira kunsi kwa galimoto.

Ndazungulira masitolo angapo a zipangizo za magalimoto ku Limbe, koma palibe amene ali nalo, ndipo ambiri nambala imeneyi akuimva koyamba. Wina wandiuza kuti nditenge NS40 chifukwa injini yake ndi yaing'ono, wina akuti NS60 ndiye lofanana nalo popeza pa nambala yake palinso 46 ndi 24, pamene wachitatu anafuna kundigulitsa batire la sola ponena kuti nalonso ndi lomata ndipo silitaya asidi. Ndisanataye ndalama, ndikufuna kudziwa ngati batire wamba lingathe kukhala m'buti popanda choopsa, ngati timapaipi tija tili ndi ntchito yeniyeni, komanso dongosolo loyenera kutsata pochotsa lakale ndi kuika latsopano, chifukwa ntchitoyi ndikufuna kuigwira ndekha.

Wamagetsi, Blantyre

Achimwene, musanagule chilichonse, yambani mwatsimikiza kuti wolakwa ndi batire. Ndakhala ndikugwira ntchito ya magetsi a magalimoto kwa zaka zambiri, ndipo anthu amene amabwera atagula batire latsopano, n'kupezeka kuti pakatha masabata atatu nalonso lagona, ndi ochuluka kuposa amene amabwera ndi batire lofadi ndi ukalamba. Bwerekani mita yoyezera magetsi. Batire likagona usiku wonse osalumikizidwa ku tchaja, lodzaza bwino limaonetsa pakati pa 12.6V ndi 12.8V, likaonetsa 12.2V ndiye kuti latsala ndi theka, ndipo likatsika kufika pa 12.0V latsala pang'ono kutheratu. Kenaka wina apotoze kiyi inu mukuyang'ana mita: ngati batire lotchajidwa mokwanira likugwa kupitirira 9.6V pamene sitata ikuzungulira, lafooka ndithu. Injini ikalira, mita ionetse pakati pa 13.8V ndi 14.5V. Ikaonetsa zochepera pamenepo alitaneta siikudzaza, ndipo ikapyola 15V ikuphika batire, zimene pa batire lomata ndi imfa yachangu chifukwa madzi amene latha simungawabwezeretse.

Pa galimoto yanuyo palinso chinthu china chimene amakaniko osaizolowera amachiphonya. Popeza batire lili kumbuyo, waya wa pozitivi ndi wautali, amayenda kunsi kwa galimoto mpaka kukafika ku sitata, ndipo wa negetivi amamangidwa ku bodi m'butimo komanso ku chitsulo cha aluminiyamu chija chimene chimalumikiza giyabokosi ndi difu. Malo omangira amenewa akachita dzimbiri kapena akakhwefuka, sitata imachita ulesi womwewo ngakhale batire litakhala labwino. Masulani, palani mpaka chitsulo chiwale, mangani mwamphamvu, kenaka yesaninso.

Tsopano za nambala ija, chifukwa ndi imene ikuyankha theka la funso lanu. Pa mabatire a ku Japan, 46 akusonyeza mphamvu ya batire poyerekeza ndi anzake, osati maampeya ake monga ogulitsa ena amanenera. Batire lanulo limasunga maampeya ongopitirira pang'ono 30. Chilembo chotsatira chikunena za kukula kwa mbali yaifupi ya bokosi, ndiye kuti m'lifupi ndi msinkhu wake. Nambala 24 ndi kutalika kwa bokosi, pafupifupi masentimita 24. L akunena za mbali imene mitu yaikidwa: mukaliyang'ana batire mitu ili kufupi ndi inu, la L pozitivi amakhala kudzanja lamanja, la R kudzanja lamanzere. S woyamba uja akusonyeza kuti ndi lomata, ndipo S wa kumapeto akusonyeza kuti mitu yake ndi yaikulu.

NS60L imene akukuuzaniyo ndi 46B24L. Wogulitsa uja sananame kuti kutalika n'kofanana, koma anadumpha chilembo chapakati, ndipo vuto lagona pamenepo. Bokosi la A msinkhu wake ndi pafupifupi mamilimita 162, pamene la B ndi 203, kusiyana kwa masentimita anayi. Pansi pa boneti ya Corolla masentimita anayi si kanthu, koma pakona ija ya buti ya Roadster amakwezera mutu wa pozitivi kufupi ndi chitsulo cha bodi, ndipo chopanira chimene chilipo sichifika. Kuwonjezera apo, NS40 ndi NS60 wamba zimakhala ndi mitu yaing'ono, ya mamilimita pafupifupi 14.7 ndi 13, pamene mateminolo anu anapangidwira mitu ya 19.5 ndi 17.9. Mukaika batire lotero teminolo imangozungulira ngati chibangili, ndipo ndaonapo anthu akukhomera msomali kapena kachitsulo ka chitini pakati kuti igwire. Musachite zimenezo. NS60LS ndiyo imakhala ndi mitu yaikulu.

Timapaipi tija si tokongoletsa. Batire lililonse la mtovu ndi asidi likamatchajidwa limatulutsa mpweya wa haidrojeni, umene ukafika magawo anayi pa 100 alionse a mpweya wa pamalo otsekeka umatha kuyaka ndi kamoto kakang'ono kwambiri. Ku injini mphepo imauuluza, koma buti ndi bokosi lotsekeka, ndipo pa galimoto imeneyi thanki ya petulo ili pakati pa buti ndi mipando. Batire la mtundu wa AGM ngati lanulo limasunga asidi m'nsalu za ulusi wa galasi, ndipo mpweya wambiri umene lapanga limaubweza kukhala madzi mkati momwemo. Wochepa wotsalawo ndi umene timapaipi timautulutsira kunja. Batire wamba la zotsekera zisanu ndi chimodzi limapumira pa chotsekera chilichonse, choncho palibe poti mungalumikize paipi, ndipo pamodzi ndi mpweyawo limatulutsa nthunzi ya asidi imene imadya utoto ndi chitsulo pang'onopang'ono.

Za batire la sola musataye nazo nthawi. Linapangidwa kuti lizipereka magetsi ochepa kwa maola ambiri, osati maampeya oposa 100 kwa masekondi atatu monga sitata imafunira.

EunosWakale, Leeds

Ndikugwirizana ndi a Wamagetsi pa zonse zimene alemba, ndipo ndingowonjezera zimene ndinaona ndi maso anga. Kuno ku Britain magalimoto amenewa alipo ambiri, kuphatikizapo ma Eunos amene anthu ankaitanitsa okha kuchokera ku Japan, ndipo ine ndinakhala nayo ya 1.6 kwa zaka zingapo. Tsiku limene ndinaigula sindinachotse chophimba cha batire, chimene chinali kupusa kwanga. Patapita miyezi ndinaona kakutupa kakang'ono pa bodi, kumbuyo kwa tayala lamanja, kooneka ngati wina wamenya ndi hamala kuchokera mkati. Nditatsegula ndinapeza batire wamba lalitali, lopanda chopanira chilichonse, longotsamira pa chiguduli. Pa kona iliyonse imene ndinkakhota mwaliwiro, batire linkatsetsereka n'kukagunda bodi, ndipo pansi pake panali ufa woyera ndi dzimbiri loti mukakanda ndi sukurudiraiva likuyoyoka ngati makoko a mtedza. Ndalama imene mwini wake woyamba anapulumutsa pa batire ndinaibweza ine kangapo kwa owotcherera.

Muyenera kukumbukira chifukwa chimene a Mazda anaikira batire kumbuyo. Galimoto imeneyi siifika ngakhale tani imodzi, ndipo anaipanga kuti kulemera kwake kugawike pafupifupi mofanana pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Ndi galimoto yopangidwira makona, ndipo inu mwanena nokha kuti mumakwera nayo phiri la Zomba. Batire la m'galimoto yotere limakankhidwa uku ndi uku kuposa la m'galimoto ya banja, choncho kupanidwa kwake si nkhani yaing'ono, ndipo asidi wamadzi amene akukhavukira mkati mwa bokosi sakhala bwenzi lanu. Ubwino wa kumbuyoko ndi wakuti kulibe kutentha kwa injini, n'chifukwa chake mabatire oyambirira a Panasonic anatchuka ndi kukhalitsa zaka zambiri kuposa mabatire wamba.

Langizo langa ndi lakuti mufunefune lomata la muyeso wake weniweni, ngakhale mutadikira mwezi. Kupatula la Panasonic, pali lina la WestCo lotchedwa 12V31M limene eni magalimoto amenewa amaligwiritsa ntchito kwambiri, ndipo limabwera ndi polumikizira timapaipi. Ngati mukuitanitsa kuchokera kunja, funsani kaye onyamula katundu, chifukwa batire ndi katundu amene ali ndi malamulo akeake, makamaka pa ndege, ndipo kulemera kwake kumakweza mtengo wonyamulira.

Chomaliza ndi chakuti galimoto yokhala masabata atatu osalizidwa imatha kufooketsa batire lililonse, lodula kapena lotchipa. Batire likakhala nthawi yaitali lisanadzaze, pa mbale zake pamauma mchere wa salufeti umene subwereranso m'madzi, ndipo mphamvu yake imachepa mpaka kalekale. Pezani katchaja kanzeru kamene kamadzimitsa kokha batire likadzaza ndipo kali ndi posankhira AGM. Kumudziko, poti magetsi amathimathima, kasola kakang'ono kokhala ndi kontirola yake kangagwirenso ntchito yomweyo.

MakanikoWaku25, Lilongwe

Akulu a ku Leeds, zimene mwanenazo n'zoona, koma ndiloleni nditsutseko pang'ono, chifukwa inu batire limenelo mumaliitanitsa lero mawa lafika pakhomo, pamene m'bale wathuyu ali ku Zomba. Akaitanitsa kunja adzalipira batire, mtengo wonyamulira ndi msonkho, ndipo likadzafika litafooka kapena likadzafa pakatha miyezi inayi, alibe koti akadandaule. Batire logula m'dziko momwemuno lili ndi risiti ndi galanti, ndipo zimenezo nazonso ndi mbali ya kusankha mwanzeru.

Ine sindikunena kuti aike batire la zotsekera zisanu ndi chimodzi. Pamenepo tonse tikugwirizana kuti ayi. Koma pakati pa batire lotero ndi la Panasonic pali njira ziwiri zimene ndaziona zikugwira ntchito. Yoyamba ndi mabatire aja osafuna kuthira madzi, amene chivindikiro chake n'chomata ndipo m'mbali mwake muli kabowo kamodzi kapena tiwiri topumira. Si onse amene ali ndi kabowo kolowa paipi, choncho muyenera kulinyamula ndi kuliyang'ana nokha m'sitolo. Likakhala nako, mumalowetsamo kachigongono ka pulasitiki, n'kulumikiza ku paipi yanu yakale, ndipo ngati kabowo kaliponso mbali inayo mumakatseka kapena kukalumikizanso. Asidi wake akadali wamadzi, choncho pansi pake pafunika thireyi ya pulasitiki kapena mphira wochindikala.

Njira yachiwiri ndi imene anthu ambiri saiganizira. Magalimoto ambiri a hybrid (oyendera petulo ndi magetsi) a Toyota, monga Prius ndi Aqua zakale, amene tsopano akuoneka m'misewu yathu, ali ndi batire laling'ono la 12V limene nalonso limakhala mkati mwa galimoto, ndipo pa chifukwa chomwecho ndi lomata, la AGM, lokhala ndi potulukira paipi. Nambala zake ndi monga S34B20R ndi S46B24R. Chenjerani ndi R ameneyo, chifukwa mitu yake ndi yotembenuka poyerekeza ndi yanu, ndipo mawaya a Roadster alibe utali wotsala woti muwakoke kuwoloka batire. Alipo a L a muyeso womwewo, S34B20L ndi S46B24L, ngakhale kuti sapezeka wamba. Mitu yake ndi yaing'ono, choncho pafunika timphete topangidwira ntchito imeneyo tovekera pa mutu kuti teminolo yaikulu igwire, osati misomali imene a Wamagetsi anena ija.

Pa njira zonse ziwiri nkhani ya msinkhu ikadalipo, ndipo siithetsedwa ndi kulingalira koma ndi tepi yoyezera. Dulani katoni, pangani bokosi la muyeso wa batire limene mukufunalo kuphatikizapo mitu yake, likhazikeni pamalopo, ndipo muone mpata umene ukutsala pakati pa pozitivi ndi chitsulo chilichonse. Ukakhala wochepa kuposa zala ziwiri, ine sindingaike. Ukakwanira, pitani kwa owotcherera akupangireni chopanira chatsopano cha msinkhu umenewo, chomangidwa ndi mabawuti, osati chingwe kapena mphira wa chubu, ndipo mutu wa pozitivi uvale chipewa chake cha mphira. Mukachita zonsezi mwadongosolo, simunaononge galimoto. Mukaona kuti n'zochuluka, ndiye kuti a ku Leeds apambana, dikirani lenilenilo.

Roadster92, Zomba

Zikomo kwambiri nonse atatu. Ndinabwereka mita ndipo ndachita monga a Wamagetsi analangizira. Batire litagona usiku linaonetsa 11.9V. Ndinalitchaja pang'onopang'ono tsiku lathunthu, linafika pa 12.5V, koma popotoza kiyi linagwa mpaka 8.7V, choncho lafadi. Injini ikulira mita ikuonetsa 14.2V, ndiye alitaneta ilibe mlandu. Waya wa negetivi wa kunsi uja ndinaupeza wobiriwira ndi dzimbiri ndipo ndaupala.

Ndinapanganso bokosi la katoni la muyeso wa B24 monga a Makaniko ananenera. Likulowa, koma pamwamba pa pozitivi pakungotsala mpata wa chala chimodzi, ndipo mtima wanga sunakhazikike nazo. Mwamwayi mlamu wanga amene amayendetsa thiraki pakati pa Johannesburg ndi Blantyre wapeza lomata la muyeso weniweni kwa ogulitsa zipangizo za MX-5 kumeneko, ndipo abwera nalo sabata yamawa. Chimene chikundidetsa nkhawa n'chakuti mwini wake wakale anaikamo alamu ndi wailesi ina, ndipo sindikudziwa ngati zimenezi sizikudya batire galimoto itaima. Ndingayeze bwanji, nanga tsiku loika ndiyambire pati?

Wamagetsi, Blantyre

Mwachita bwino kufunsa za alamu, achimwene, chifukwa ndi imene ndikuikayikira kwambiri. Kuyeza kwake n'kosavuta. Zimitsani zonse, chotsani kiyi, tsekani zitseko, masulani teminolo ya negetivi, ndipo ikani mita pakati pa mutu wa negetivi ndi waya wake, mitayo itatchedwa pa 10A ndipo chingwe chake chofiira chili pa bowo la maampeya. Musayerekeze kupotoza kiyi mita ili pamenepo, chifukwa fyuzi yake ipsa nthawi yomweyo. Dikirani mphindi zingapo kuti alamu ikhazikike. Galimoto ya zaka zimenezo siyenera kudya kupitirira 0.05A itaima, ndipo yopanda zowonjezera imadya zochepa kuposa pamenepo. Muwerengere nokha: ngati ikudya 0.12A, pa tsiku ndi maampeya pafupifupi atatu, pa masabata awiri ndi 40, pamene batire lanu limasunga ongopitirira 30. Mukapeza nambala yokwera, zulani mafyuzi imodziimodzi mpaka itatsika, ndipo musadabwe mukapeza kuti alamuyo anailumikiza molunjika ku batire popanda fyuzi.

Batire latsopano likafika, liyezeni lisanalowe m'galimoto. Likaonetsa zochepera 12.5V litchajeni kaye, koma osati kwa otchaja mabatire a pamsika amene matchaja awo aakulu alibe malire a mavoliti. La AGM silifuna kupitirira pafupifupi 14.7V, ndipo wina asakunamizeni kuti alitsegule athiremo asidi. Onaninso tsiku limene linapangidwa ngati lalembedwa, chifukwa batire lokhalitsa pa shelefu limakalamba lisanagwire ntchito.

Tsiku loika, vulani wotchi ndi mphete, chotsani kiyi m'galimoto, ndipo buti ikhale yotsegula kwa kanthawi musanayambe. Ndi sipanala ya 10, masulani negetivi poyamba ndi kuikankhira kutali kuti isabwerere pa mutu. Chifukwa chake n'chakuti bodi yonse ya galimoto ndi negetivi. Mukayamba ndi pozitivi, sipanala ikangokhudza chitsulo cha pafupi, ndipo pakona imeneyo chitsulo chili paliponse, mudzaona moto umene ungasungunule sipanala ndi kukuotchani dzanja. Negetivi ikachoka, ngoziyo yatha. Kenaka masulani pozitivi, zulani timapaipi mosamala chifukwa mphira wa zaka zoposa 30 umathetheka, chotsani chopanira, n'kutulutsa batire.

Musathamangire kuika latsopano. Yang'anani pansi pamene lakale linakhala, ndipo ngati pali ufa woyera, sungunulani soda wophikira uja m'madzi, tsukani mpaka thovu litasiya, pukutani, ndipo pamene utoto wachoka pakanipo wina. Uzirani m'timapaipi kuti muone ngati mpweya ukutuluka kunsi, chifukwa kuno kwathu mavu ndi matope amatseka mabowo oterowo. Mateminolo muwapale mkati ndi sandipepa kufikira awale.

Poika, dongosolo limatembenuka. Khazikani batire, onani kawiri kuti waya wa pozitivi walunjika pa mutu wa chizindikiro cha +, osadalira mtundu wa waya chifukwa pa magalimoto akale anthu anasinthasintha. Mukatembenuza, fyuzi yaikulu ya 80A ya ku injini imapsa, ndipo ameneyo ndi mwayi, chifukwa nthawi zina alitaneta ndi kompyuta ya injini zimapita nawo. Mangani chopanira poyamba mpaka batire lisagwedezeke mukalikankha ndi dzanja, koma osalifinya mpaka bokosi kupindika. Lumikizani timapaipi, mangani pozitivi ndi kuiveka chipewa chake, ndipo negetivi ikhale yomaliza. Teminolo muitsitse mpaka pansi pa mutu ndi dzanja musanamange nati, osaikhoma ndi hamala, popeza kumenya kumathyola zolumikizira za mkati. Mukamanga, yesani kuipotoza, ikazungulira siinagwire. Pakani girisi pang'ono pamwamba mutamanga kale, osati pakati pa mutu ndi teminolo. Kamoto kakang'ono pokhudzitsa negetivi n'kachibadwa ngati muli alamu, ndipo mwina idzalira, choncho rimoti yake ikhale m'thumba. Wailesi ina imafuna nambala yachinsinsi magetsi akaduka, ndiye muifufuze musanamasule.

Lakalelo musalitaye kudzala kapena kulisiya poti ana angaliseweretse, chifukwa mtovu ndi poizoni. Ogula mabatire akutha alipo, ndipo masitolo ena amachotserako mtengo mukawasiyira.

Roadster92, Zomba

Ndabweranso kudzapereka lipoti. Batire linafika Lachinayi likuonetsa 12.7V, ndipo linakhala pamalo pake popanda kusintha chilichonse, chopanira chakale chomwe chija. Kapaipi kamodzi kanathetheka m'manja monga munachenjezera, ndipo ndinaikapo kena ka muyeso womwewo. Bowo la kunsi linali lotsekedwadi ndi dothi louma, moti ndinachita kulitokosa ndi waya.

Poyeza kudya kwa magetsi galimoto itaima ndinapeza 0.14A. Nditazula fyuzi ya wailesi sinasinthe kwenikweni, koma nditatsata kawaya kofiira kamene kanamangidwa pa teminolo ya pozitivi ndi tepi yakuda, ndinakapeza kakupita ku kabokosi kena kobisika pansi pa kapeti kuseri kwa mpando, kamene kakuoneka ngati kolondolera galimoto ndipo sikanalumikizidwe ku fyuzi iliyonse. Nditakachotsa, mita inatsika kufika pa 0.03A, alamu ili momwemo. Galimoto yakhala masiku 12 osalizidwa, ndipo m'mawa uno batire linaonetsa 12.5V n'kulira kamodzi kokha. Katchaja ka AGM ndaitanitsa kudzera kwa mlamu yemweyo ulendo wotsatira. A Makaniko, bokosi la katoni lija ndalisunga, chifukwa mnzanga wina wa ku Namadzi ali ndi Roadster ya 2001 imene batire lake lili kunsi kwa chophimba cha pansi m'buti, ndipo akufuna kuyesa ngati la Prius lingalowemo.